Tsiku Limene Anatsekera Malemu Kunja

Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso, koma pakampani ponse palibe amene amaligwiritsa ntchito. Kuyambira alonda a pageti mpaka madalaivala a malole, onse amawatcha a Ndinundani. Dzinali linachokera ku makompyuta. M'mawa ukayatsa kompyuta n'kulemba pasiwedi, foni yako imalira kufunsa ngati ulidi iweyo. Ukafuna kutsegula mndandanda wa katundu, ikufunsanso. Ukangopita kukamwa tiyi n'kubwerako, ha, yakuiwala kale!

"Koma mayi inu," ankadandaula mkulu wa madalaivala, "zaka khumi ndi zisanu ndili pano, makina anuwa sakundidziwabe?"

"Akukudziwani, achimwene," ankayankha a Ndinundani. "Chimene sakudziwa n'chakuti lero mwabwera ndinu, kapena wabwera wina atavala dzina lanu."

Kampaniyo imagawa mankhwala m'zipatala. Ili ndi malole makumi awiri, nyumba yaikulu yosungira katundu, ndi zipinda zitatu zozizira momwe mumakhala katemera ndi mankhwala a matenda a shuga. Ofesi ya a Ndinundani ili kuseri kwa masitepe, kachipinda kopanda windo, momwe maseva, makompyuta aakulu osunga zonse za kampani, amang'ung'udza tsiku lonse. Kuzizira kwake musanene. Mayiwa amavala juzi yobiriwira chaka chonse, ndipo akatuluka masana anthu ali thukuta kamukamu, iwo amaima padzuwa kaye kuti zala zibwerere.

Anabwera pakampanipo ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ngati wolandira mafoni. Nthawi imeneyo mwini kampani, amene aliyense ankangowatcha Mdala, anali ndi malole atatu okha ndi mawu omveka kuchokera pageti mpaka kuseri. Tsiku lina kunaimba munthu wina n'kunena kuti ndi mchimwene wawo wa Mdala, ndipo akufuna kudziwa njira imene lole ya mankhwala idzere mawa. Mtsikana wa pafoniyo anati, "Dikirani, ndikuimbirani pa nambala imene ndikuidziwa," n'kudula. Ataimba, zinapezeka kuti analidi mchimwene wawo, ndipo anali atapsa mtima koopsa. Aliyense anati basi, mtsikanayu ntchito yamuthera. Koma Mdala anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo mwezi wotsatira anamutumiza kukaphunzira za makompyuta.

"Uzifunsa aliyense," anatero Mdala. "Ngakhale ineyo. Makamaka ineyo, chifukwa makiyi onse ali ndi ine."

Mawu amenewa a Ndinundani anawatenga monga analili, mwina kuposa mmene Mdala ankaganizira. Anzawo a ntchito ngati imeneyi masiku amenewo ankamanga mpanda wolimba kunja, n'kumati aliyense amene ali mkati ndi wathu. Iwo anakana. Ankati wakuba sadumphanso mpanda masiku ano, amalowa pageti ndi dzina la munthu wodziwika, alonda n'kumupatsa moni. Ndiye anaika loko pa chitseko chilichonse cha mu netiweki, makompyuta onse a kampani olumikizana aja. Wa malole ankaona za malole basi, wa m'nyumba ya katundu za katundu basi, ndipo pa chitseko chilichonse munthu ankafunsidwanso. Munthu akasiya ntchito, akaunti yake, dzina lija amalowera pa kompyuta, inkatsekedwa tsiku lomwelo isanakwane faifi koloko, kaya wachoka ndi phwando, kaya wachoka ndi mkangano. Anthu anawanena kuti ndi ouma mtima, osakhulupirira ngakhale mthunzi wawo. Iwo sizinkawakhudza n'komwe.

Koma pakati pa zitseko zonsezo panali chimodzi chimene anachisiya chotsegula ndi dzanja lawo lomwe, ndipo palibe ankadziwa kupatula iwo ndi banja la Mdala.

Mdala atamwalira zaka zitatu zapitazo, a Ndinundani anakhala pampando wawo madzulo a tsiku lotsatira kuti atseke akaunti ya malemu monga mwa lamulo lawo. Chala chinakana. Anati ndidzatseka mawa. Mawa lakelo kunabwera Mayi, mkazi wa malemu, atanyamula laputopu yakale ya amuna awo mu chikwama cha pulasitiki.

"Mwananga," anatero Mayi, "usandichotsere bambo ako m'makinamu. Ndikatsegula m'mawa ndimaona dzina lawo pakona apa, ndimawerenga makalata awo. Ndisiyire kokhako."

Mukanakhala inu mukanatani? Foni ya malemu inali itathimitsidwa kale, ndiye panalibe choti chizilira kufunsa kuti ndinu ndani. A Ndinundani anachotsa funsolo pa akaunti imeneyo yokha. Pasiwedi anaisiya momwemo, chifukwa Mayi sakanatha kuloweza ina. Ndipo pasiwediyo, abale, inali nambala ya lole yoyamba ya Mdala, lole yomweyo imene mwana wawo anaiimika pageti kuti ikhale chikumbutso, imene alonda amaipukuta Lolemba lililonse mpaka nambala kuwala mbee, imene chithunzi chake chili patsamba loyamba la kampani pa intaneti. Akaunti yotsegula zitseko zonse, kiyi wake atapachikidwa pamsewu. A Ndinundani ankadziwa. M'mawa uliwonse akamadutsa pa lolepo ankayang'ana kumbali.

Kwa zaka zitatu anazolowera mayendedwe a Mayi ngati mmene umadziwira mapazi a munthu wa m'nyumba mwako. Seveni koloko m'mawa, malemu ankalowa. Nthawi zambiri ankaphonya pasiwedi kamodzi, chifukwa Mayi amalemba ndi chala chimodzi magalasi ali pamphuno. Ankatsegula maimelo okha, n'kukhalamo theka la ola, n'kutuluka.

Lachiwiri lina cha m'ma fili koloko masana, pa sikirini panatuluka chenjezo lofiira. Malemu alowa. A Ndinundani anaika kapu ya tiyi pansi. Malemu ameneyu sanaphonye pasiwedi, ndipo maimelo sanawayang'ane n'komwe. M'mphindi imodzi anali atagwira zitseko khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anakopera mndandanda wa njira za malole a sabata yonse, kenako analunjika ku makina oyendetsa kuzizira kwa zipinda za katemera. Pa chitseko chimenecho wina aliyense akanafunsidwa, koma malemu sankafunsidwa.

"Asa! Mdala sanathamangepo chonchi ali moyo," anatero a Ndinundani, ali okha m'chipindamo.

Anaimitsa akauntiyo pomwepo, mlendoyo n'kugwera kunja. Kenako anayenda chitseko ndi chitseko kuona ngati wasiya kanthu, anauza mkulu wa madalaivala kuti asinthe njira zonse za sabata imeneyo, ndipo analemba lipoti lopita kwa Bwana Wamng'ono, mwana wa malemu amene tsopano amayendetsa kampani. Mu lipotilo sanadzibise. Analemba kuti chitsekocho anachisiya chotsegula ndi iwo. Chimene chinawavuta chinali kuimbira Mayi. Kawiri konse ananyamula foni, kawiri konse anaibweza patebulo.

Kunyumba madzulo amenewo amuna awo, omwe ndi owotcherera zitseko ndi mawindo achitsulo, anaona nkhope ija n'kudziwa kuti kwachitika kanthu. Atamva nkhani yonse anapukusa mutu.

"Amayi a ana, ine zitseko ndimangopanga, zotseka ndi zanu. Koma banja lija mukulidziwa. Mukakhudza Mdala, mwakhudza ntchito yanu."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mutani?"

"Ndichita zimene ndinayenera kuchita zaka zitatu zapitazo," anayankha.

Lachitatu eyiti koloko isanakwane, panamveka kugogoda kwamphamvu pa chitseko cha kachipinda kaja. Anali Bwana Wamng'ono. Khadi lawo lotsegulira zitseko limatsegula maofesi onse a pamwamba, koma osati chipinda cha maseva, ndipo kuima panja kudikira kuti awatsegulire kunawonjezera moto. Bwanayu a Ndinundani anamuona akukula. Ali mwana wasukulu ankabwera kudzaseweretsa mabatani a foni, ndipo mpaka lero amawatcha anti.

"Anti, mwawachita chiyani amayi? Andiimbira akulira. Akuti makina akuwauza kuti bambo kulibe."

"Lipoti langa mwawerenga, bwana?"

"Ndaona mutu wake. Kunalowa wakuba, mwamutulutsa, zikomo kwambiri. Tsopano sinthani pasiwedi, mutsegulenso."

"Ayi."

Bwana Wamng'ono anayang'ana uku ndi uku ngati kuti mawuwo achokera kwa munthu wina. "Mwati chiyani?"

"Ndati ayi, bwana. Pasiwedi yatsopano Mayi ailemba pa kapepala n'kumata pa laputopu, ndipo sindingawadzudzule. Vuto si pasiwedi. Vuto n'lakuti muli munthu mu netiweki yathu amene ali ndi makiyi onse, koma sitingamufunse kuti ndinu ndani chifukwa anamwalira. Mayi ndiwatsegulira akaunti yawoyawo, makalata onse a bambo ndiwasamutsira momwemo, palibe ngakhale imodzi idzasowe."

"Amayi safuna akaunti yawo! Amafuna kuona dzina la amuna awo. Kodi mtima mulibe? Munthu amene anakuchotsani pa foni paja, lero mukumufufuta ngati kalaliki wothawa ntchito?"

Mawu amenewo anabaya, osanama ayi. A Ndinundani anamva kutentha kumaso ngakhale chipinda chinali chozizira. Koma sanatsitse maso.

"Munthu ameneyo ndi amene anandiuza kuti ndizimufunsa. Dzulo kunatsala chitseko chimodzi kuti katemera wa zipatala makumi atatu atenthe. Ndinalakwa kamodzi chifukwa cha chisoni, sindilakwanso chifukwa cha mantha. Ngati mukufuna itsegulidwe, lembani kalata, musaine dzina lanu, mupeze wina woti akanikize batanilo. Dzanja langa ayi."

Za kalatayo Bwana Wamng'ono sanaziyankhe. Anangoti, "Ikamakwana faifi koloko, mwina akaunti ya bambo ikhale yotsegula, mwina khadi lanu likhale patebulo langa." Anatuluka n'kufuna kumenyetsa chitseko, koma chitseko cha m'chipinda chimenecho chimatsekeka chokha pang'onopang'ono, ndiye ukali wonse unathera m'malere.

Nthawi ya nkhomaliro a Ndinundani anakwera basi kupita kunyumba kwa Mayi. Anawapeza ali pa tebulo la pabalaza, laputopu ili yotsegula patsogolo pawo, magalasi ali pambali. Moni anayankha, koma mpando sanawapatse. A Ndinundani anakhala pa kampando ka pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo.

"Wawaphanso kachiwiri," anatero Mayi.

"Mayi, ndabwera kuti mundinene pamaso. Ndinayenera kukuimbirani dzulo, ndinachita mantha."

"Iwe ukuganiza kuti ndimangowerenga? Ndimawalembera. M'mawa uliwonse. Ndimawauza kuti bondo likundivuta, kuti mwana wawo wagula galimoto ina yosafunika, kuti mpopi wa kuseri ukudonthabe. Ndimatumiza kwa iwo, kalata n'kufika pompo, ndimaiona yafika. Lero ndinali ndi zoti ndiwauze, ndapeza pakhomo pali loko."

Izi a Ndinundani sankazidziwa. Zaka zitatu ankaona nthawi yolowera ndi yotulukira, koma makalata a munthu sanatsegulepo. Kwa kanthawi anaganiza zongobwerera kukatsegula, zinazo zidzaoneka. Ndani akanawadzudzula? Bwana akanasangalala, ntchito ikanakhalapo, Mayi akanalemba kalata yawo mawa seveni koloko.

"Mayi," anatero pomaliza, "dzulo masana munalowa?"

"Masana ndimagona, ukudziwa."

"Ndiye amene analowa ndi dzina la bambo si inu. Anatenga njira za malole. Ankapita kukazimitsa zipinda za katemera. Makina aja amalemba chilichonse, ndipo salemba kuti wakuba. Amalemba dzina la amene walowa. Zikanatheka, ofufuza akanabwera n'kupeza kuti amene anawononga mankhwala a ana ndi amuna anu, tsiku lakuti, nthawi yakuti. Panopa m'kaundula wa dzulo mwalembedwa kale kuti bambo anakopera njira za malole. Ndawerenga ndi maso angawa, ndipo zandinyansa. Munthu uja sanabepo ngakhale panado."

Mayi anatenga magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi, kuwabwezanso patebulo.

"Pasiwedi anaidziwa bwanji?"

"Ili pageti, Mayi. Alonda amaipukuta Lolemba lililonse."

Mayi anatseka laputopu pang'onopang'ono. "Pita," anatero. "Ndatopa."

Sanawaperekeze. A Ndinundani anabwerera kuntchito osadziwa ngati amvedwa kapena ayi, koma zochita anali atazidziwa. Anakopera makalata onse a malemu, akale ndi atsopano omwe, osatsegula ngakhale imodzi, n'kuwaika mu akaunti yatsopano yopanda kiyi wa chitseko china chilichonse. Malo a dzina anawasiya opanda kanthu kuti mwini wake adzalembe yekha. Analemba malangizo pa pepala ndi zilembo zikuluzikulu, n'kupatsa mkulu wa madalaivala kuti akasiye kwa Mayi popita kwawo. Kenako anatsegula tsamba la akaunti ya Mdala kuti aitsekeretu. Makina anafunsa ngati akutsimikiza. Ulendo uno chala sichinakane, koma misozi inagwera pa juzi, ndipo sanaipukute.

Itatsala pang'ono faifi koloko anachita chinthu chomaliza. Lamulo lawo linkati wochoka ntchito akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo, ndipo sanaone chifukwa choti iwo akhale osiyana ndi ena. Analemba mapasiwedi ogwiritsa ntchito pakagwa zadzidzidzi, kuwamata mu envelopu, n'kutseka akaunti yawo yomwe. Anakwera masitepe, anaika envelopu ndi khadi pa tebulo la Bwana Wamng'ono.

"Ya bambo ndatseka, yanga ndatsekanso. Envelopuyi muike m'bokosi lachitsulo losungira ndalama, mudzapatse amene adzabwere. Ndipo laputopu yanuyo ili ndi miyezi inayi osailola kulandira mapulogalamu atsopano, mawa ikukanirani kulowa. Musadzati ndi ine, ndi lamulo."

Bwana Wamng'ono anatsegula pakamwa, koma a Ndinundani anali atatembenuka kale. Podutsa pageti anaima n'kuiyang'ana lole ija bwinobwino, koyamba m'zaka zitatu.

Lachinayi anadzuka nthawi yomwe amadzukira, n'kupeza kuti alibe kopita. Zaka makumi awiri ndi ziwiri zinali zitathera pa tebulo lija dzulo lake. Amuna awo anawapangira tiyi osanena kanthu, zomwe kwa bambo amenewa ndi ntchito yaikulu. A Ndinundani anachapa juzi yobiriwira ija, ndipo akuyanika pa chingwe, seveni koloko itangopitirira, foni inalira. Nambala yake inali yachilendo.

"Mwananga, ndine. Pepala lako ndalandira, koma makinawa akufuna..."

Mawuwo anawazindikira asanamalize n'komwe. Koma anati, "Pepani, nambala iyi sindikuidziwa. Ndikuimbirani pa imene ndikuidziwa." Anadula.

Amuna awo anagwira kumutu. "Amayi a ana! Ngakhale lero?"

A Ndinundani anaimba pa nambala ya Mayi. Inalira nthawi yaitali, kenako inayankhidwa, ndipo kumbali inayo kunamveka kaphokoso kamene a Ndinundani sanadziwe msanga ngati ndi kulira kapena kuseka.

"Foni yangayi inali pa chaja kuchipinda, ndinabwereka ya wantchito," anatero Mayi. "Wandiyendetsa ndi bondo langali, mwana woipa iwe. Bambo ako akanakhalapo akanagwa pampando ndi kuseka." Kenako anati, "Tamvera. Makinawa akuti ndilembe dzina. Ndilembe lawo?"

"Ayi, Mayi. Lembani lanu."

"Langa." Mayi anabwereza. "Zaka makumi anayi paliponse ndakhala ndikulowa ndi dzina la amuna anga. Dikira, ndilipeze pa mabatanipa."

A Ndinundani anaima pa chingwe paja, madzi a juzi akudonthera kumapazi, akumvetsera chala chimodzi chikugogoda pang'onopang'ono. Kenako foni ya Mayi inalira kufunsa, Mayi anavomera.

"Onse alimo," anatero Mayi ndi mawu otsika. "Ngakhale ya Lolemba ya mpopi ija." Anakonza kukhosi. "Mwana wanga ndalankhula naye. Ndamuuza kuti dzina la bambo ake si yunifolomu yoti aliyense azivala. Ukuchedwa kuntchito."

"Khadi ndinabweza, Mayi, ndipo akaunti yanga ndinatseka ndekha. Ndikafika pageti andifunsa kuti ndine ndani."

"Akufunse kumene," anatero Mayi. "Tsopano dula, ndili ndi zambiri zoti ndiwauze bambo ako, ndipo ndiyambira za iweyo."